Musanagule masipika ndi nthambo zake, khalani pansi kaye

 Sabata ino tikambirane za kanema, masipika ndi nthambo zake, zija mumazitcha home theatre.

Mwina wina afunsa kuti kodi gogo ameneyu zamagetsi wayamba liti? Ana anga, zaka zimene ndidagwira ntchito ya unamwino ndidaona ana opsa ndi magetsi, ana omeza timabatire, ana ogweredwa ndi katundu wolemera. Ngozi zambiri zotere zimachitikira m'nyumba, makolo ali pompo. Ndaonanso mabanja akugona moyang'ana kumbali chifukwa bambo adabwera ndi chikatoni cha masipika mwezi umene fizi ya mwana idali isadalipidwe. N'chifukwa chake nkhaniyi ndaitenga ngati yanga.

Pamene Television Malawi inkayamba m'chaka cha 1999, amene adali ndi kanema ankangofuna eriyo pansungwi ndi waya mmodzi, basi. Lero kumbuyo kwa kanema kuli dikoda, masipika, magemu a ana, intaneti, ndipo nthambo zapiringizana ngati chisa cha mpheta. Ogulitsa nawo sasowa chonena. Tiyeni tione chofunika n'chiti, chongodyera ndalama n'chiti.

Yambani ndi kukambirana

Mutu umodzi susenza denga. Musanapite kusitolo, khalani awiri mufunsane mafunso atatu. Kodi m'nyumba muno timaonera chiyani kwenikweni, mpira, nkhani, makwaya, mafilimu kapena zidole za ana? Kodi nyumbayi ndi yathu kapena ya lendi? Nanga tikachotsa lendi, chakudya, fizi ndi kangachepe kosungira matenda, yotsala ndi ingati?

Yotsalayo ndiye ya kanema. Katapila ayi. Ngongole ya banki m'khonde ndi yoyambira geni kapena yogulira feteleza, chifukwa zimenezo zimabweza. Sipika sabweza ndalama. Inu amayi, bambo akayamba kukamba za sipika wamkulu amene amuona kwa anzawo, musakalipe. Ingonenani kuti, "Bambo a mwana, tiyeni tilembe papepala, tione tiyambira pati." Pepalalo limathetsa mikangano yambiri kuposa ankhoswe.

Suzumirani kumbuyo kwa kanema

Anthu ambiri amapita kukagula nthambo asadayang'ane timabowo ta kumbuyo kwa zipangizo zawo. Tengani foni mujambule kumbuyo kwa kanema, kwa dikoda ndi kwa ampulifaya, mupite nazo zithunzizo kusitolo. Muyezenso mtunda ndi tepi kapena chingwe, potsata mmene nthambo idzadutsire m'mbali mwa khoma, kenaka muonjezere theka la mita.

Nthambo zimene mukumane nazo ndi izi. Pali zija za mitu itatu, wachikasu wa chithunzi, wofiira ndi woyera ya mawu. Zimenezi ndi zakale, ndipo sizinyamula chithunzi cha HD. Ngati muli ndi kanema wamakono ndi dikoda ya HD koma mwalumikiza ndi nthambo yachikasu, chithunzi chimene mudalipira simukuchiona. Pali nthambo yonenepa yochokera ku dishi kapena ku eriyo, ndipo yabwino yake imalembedwa RG6. Imeneyi imaonongeka kwambiri kumutu kwake kumene kuli panja, madzi a mvula akalowa, ndiye pamafunika kumata bwino. Pali ina yotchedwa optical, yotulutsa kakuwala kofiira kunsonga, imene imanyamula mawu okha. Imeneyi siifuna kupindidwa mwamphamvu chifukwa ikathyoka m'kati yatha. Kenaka pali HDMI, imene imanyamula chithunzi ndi mawu pamodzi.

Za HDMI musapusitsidwe

HDMI idayamba kupezeka pa zipangizo m'chaka cha 2003, ndipo yakhala ikusinthidwa: HDMI 1.4 idabwera mu 2009, HDMI 2.0 mu 2013, HDMI 2.1 mu 2017. Manambala amenewa ndi a zipangizo. Pogula nthambo, yang'anani dzina limene lalembedwa papaketi.

Ikalembedwa High Speed, ndi yokwanira dikoda ya HD, kaya ndi DStv, GOtv kapena ina, komanso DVD. Ikalembedwa Premium High Speed, ndi ya kanema wa 4K. Ikalembedwa Ultra High Speed, ndi ya magemu amphamvu monga PlayStation 5 ndi Xbox Series X, amene adatuluka mu 2020, ndipo magemuwo amabwera kale ndi nthambo yake m'katoni. Mitundu iwiri yomalizayi, ikakhala yeniyeni, imakhala ndi kachizindikiro kojambula ndi foni papaketi pake.

Tsono mvetsetsani apa. Chithunzi chimadutsa mu HDMI ngati manambala. Manambalawo akafika onse, chithunzi chimaoneka chimodzimodzi, kaya nthamboyo mudagula motchipa kapena modula. Akalephera kufika, muona timadontho tothwanima, kapena chithunzi chikuzimazima, kapena mdima wokhawokha. Palibe nthambo imene imaonjezera kuwala kwa mitundu kapena kukometsa nkhope ya wowerenga nkhani. Mutu wa golide umangothandiza kuti usachite dzimbiri. Wogulitsa akakuuzani kuti iyi yodula kasanu ndiye itulutsa chithunzi chakuthwa, kumbukani chikomekome cha nkuyu.

Pamene pafunika kusamala ndi pa kutalika. Mamita 2 kapena 3 savuta. Kupitirira mamita 5, nthambo zosalongosoka zimayamba kuonetsa khalidwe lake, makamaka pa 4K. Kupitirira mamita 10 pamafunika zapadera, ndipo zambiri mwa zimenezo zili ndi kolowera ndi kotulukira: mutu wolembedwa Source umapita ku dikoda, wolembedwa Display umapita ku kanema. Mukatembenuza simuona kanthu. Choncho iyeseni kaye ili pansi musadaikhomerere kukhoma, ndipo lisiti musataye.

Yang'ananinso ngati bowo limodzi la HDMI kumbuyo kwa kanema lalembedwa ARC kapena eARC. Bowo limenelo ndi limene limatumiza mawu a kanema kupita ku soundbar kapena ku ampulifaya. Mukalumikiza dikoda ndi magemu ku mabowo enawo, nthambo imodzi yochokera pa ARC ikwanira kupereka mawu a zonsezo ku masipika. Nthawi zambiri ndi rimoti imodzi yomweyo mutha kukweza ndi kutsitsa mawu, mukatsegula pamene Samsung amapatcha Anynet+, LG amapatcha SimpLink, Sony amapatcha Bravia Sync. Agogo akabwera kudzacheza sadzavutika ndi marimoti atatu.

Mawaya a masipika

Apa chofunika ndi kunenepa kwa waya ndi chitsulo chimene chili m'kati. Pabalaza wamba, pamene waya sapitirira mamita 10, wa kopa wa 1.5 mm² ndi wokwana. Kukakhala kotalikirapo tengani wa 2.5 mm². Mapaketi ena amalemba AWG, ndipo pamenepo nambala ikachepa ndiye kuti waya ndi wonenepa: 14 ndi wonenepa kuposa 16.

Chenjerani ndi waya wolembedwa CCA. Ameneyu ndi aluminiyamu wongokutidwa ndi kopa pamwamba. Amapepuka m'manja, amathyoka msanga, ndipo sadutsitsa mphamvu ngati kopa weniweni. Mukapala nsonga yake ndi mpeni n'kuona moyera m'kati, dziwani kuti ndi yemweyo.

Polumikiza, zimitsani kaye ampulifaya. Chofiira chipite ku chofiira, chakuda ku chakuda, mbali zonse ziwiri. Mukasemphanitsa pa sipika mmodzi, nyimbo zimamveka zopanda thupi, kugunda kuja kumasowa. Potani bwino timawaya ta kunsonga, chifukwa kamodzi kokha kakakhudza mbali inayo kangathe kupsereza ampulifaya. Onaninso nambala ya ma ohm kumbuyo kwa sipika, kaya 4, 6 kapena 8, ndipo ifanane ndi imene ampulifaya yanu imalola. Masipika a home theatre zija zobwera zonse m'katoni imodzi kawirikawiri amakhala a ma ohm ochepa, ndiye si bwino kungowasamutsira pa ampulifaya ina.

Inu amene mukumanga nyumba, uzani amisiri akuikireni paipi ya mamilimita 32 kapena kuposa m'khoma, kuchokera pamene padzakhale kanema kufika pamene padzakhale dikoda, asadapake pulasitala. Mutu wa HDMI ndi waukulu, sudutsa m'paipi yaing'ono. Asiyemo chingwe chokokera, ndipo paipi imeneyi ikhale payokha, yosasakaniza ndi mawaya a magetsi. Nthambo zidzasintha zaka zikubwerazi, koma simudzaswanso khoma. Inu a lendi, gulani timapaipi tapulasitiki tomata m'mbali mwa khoma, ndipo musanaboole paliponse kambani ndi eni nyumba.

Pang'onopang'ono ndi mtolo

Musagule zonse tsiku limodzi. Ndondomeko imene ndingakulangizeni ndi iyi.

Choyamba, choteteza ku magetsi. Ndifotokoza pansipa.

Chachiwiri, kanema wolingana ndi chipinda, wokhala ndi mabowo a HDMI osachepera 3, limodzi la ARC. Mainchesi a kanema amayezedwa chopingasa kuchokera pangodya kufika pangodya: mainchesi 32 ndi masentimita 81, mainchesi 43 ndi masentimita 109, mainchesi 55 ndi masentimita 140. Ngati mpando uli mamita 2 kuchokera kukhoma, wa mainchesi 43 akukwanirani. Za 4K ganizani kawiri. Ili ndi timadontho kanayi kuposa Full HD, koma ubwino wake umaoneka pokhapokha chimene mukuoneracho chili cha 4K. Ndipo pa intaneti 4K imadya bandulo koopsa: a Netflix amanena kuti ola limodzi lingathe kufika 7 GB, pamene HD ndi 3 GB. Filimu imodzi ya maola awiri, bandulo ya mwezi yapita.

Chachitatu, mawu. Makanema opyapyalawa ali ndi timasipika tating'ono, n'chifukwa chake mumakweza voliyumu koma osamva zimene anthu akulankhula. M'nyumba yaing'ono kapena ya lendi, soundbar imodzi ithetsa vutoli popanda mawaya ambiri. Ngati mukufuna kudzaonjezera m'tsogolo, gulani ampulifaya yoima payokha ndi masipika awiri abwino. Chaka china muonjezere sipika wa pakati, amene amatulutsa mawu a anthu olankhula. Kenaka subwoofer, chogunda chija. Awiri a kumbuyo akhale omalizira, chifukwa ndi amene amafuna mawaya aatali. Mukatero mwafika pa 5.1, kutanthauza masipika 5 ndi chogunda chimodzi, popanda kutaya chimene mudagula poyamba.

Zija zobwera zonse pamodzi, DVD ndi ampulifaya m'bokosi limodzi, zimatchipa poyamba, koma bokosilo likafa masipika onse amasanduka zokongoletsa pabalaza.

Musatengeke ndi manambala a pakatoni. Mukaona 5000W PMPO, funsani za RMS, imene ndi mphamvu imene chipangizo chimatulutsa mosalekeza. Kapena tembenuzani chipangizocho muwerenge mphamvu imene chimakoka kukhoma. Chokoka mawati 100 sichingamatulutse mawati 5000 mosalekeza. Mphika sungatulutse nsima yoposa ufa umene mwathiramo.

Magetsi alibe chibale

Magetsi athu kuno ndi a mavoti 230, ndipo mapulagi athu ndi a mano atatu a ngodya, ngati a ku Britain. Achibale akakutumizirani katundu kuchokera ku Joni, mphamvu ya magetsi ndi yofanana koma pulagi yake nthawi zambiri ndi ya mano obulungira. Pezani wodziwa zamagetsi asinthe pulagiyo. Musaidule n'kulowetsa mawaya osavala m'soketi mothandizidwa ndi kamtengo ka machesi. Mwana wokwawa amaona zonse zimene mumachita, ndipo mawa adzayesa. Katundu wochokera ku America ndi wa mavoti 120, wa ku Japan ndi wa 100. Werengani kaye kumbuyo. Pakalembedwa 100-240V palibe vuto, koma pakalembedwa 120V pokha, mukangolowetsa kukhoma muona utsi.

Pulagi yathu imakhala ndi fyuzi m'kati, ndipo yaikulu kwambiri ndi ya ma ampu 13, imene imanyamula mawati pafupifupi 3000. Ekisitenshoni yonse, ngakhale ikhale ndi mabowo 6, malire ake ndi omwewo, ndipo zina zotchipa sizifikako n'komwe. Kanema, dikoda ndi masipika pamodzi sizikoka zambiri. Koma ketulo yokha imakoka mawati 2000 kapena kuposa, ndiye ketulo, simbi, hita ndi hotipuleti zisayandikire ekisitenshoni ya kanema. Musalumikize ekisitenshoni pa ekisitenshoni inzake. Fyuzi ikapsa, gulani ina ya nambala yomweyo. Kukulunga kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya m'malo mwa fyuzi ndi kuitana moto. Pulagi ikamatentha, kapena mukamva fungo la pulasitiki wopsa, zimitsani nthawi yomweyo. Nthambo isadutse pansi pa kapeti kapena mkeka, chifukwa ikasupuka kapena makoswe akaidya simuona.

Magetsi akazima, nthawi yoopsa ndi pamene akubwerera. Gulani TV guard, kachipangizo kamene kamadikira kaye magetsi akhazikike kasadawalole kudutsa. Koma dziwani kuti pa mphenzi kameneka sikodalirika. Nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, kukayamba kugunda patali zulani pulagi kukhoma, muzulenso nthambo ya dishi kapena eriyo, chifukwa mphenzi imalowera kumenekonso. Chitani zimenezi msanga, mvula ya ziphaliwali isadafike pamutu panu. Inu a sola, invetala yolembedwa pure sine wave ndi imene imagwirizana ndi masipika. Zinazo zimachititsa kulira kwa ng'ung'ung'u kosatha.

Wina akagwidwa ndi magetsi, musamukhudze ndi manja. Zimitsani pa meni switchi, kapena mukankheni ndi mtengo wouma. Akapsa, magetsi atazimitsidwa, thirani madzi ozizira oyera pabalapo kwa mphindi 20. Mankhwala otsukira mano, dzira ndi mafuta ophikira ayi. Mupite naye kuchipatala ngakhale bala likuoneka laling'ono, chifukwa magetsi amapsereza m'kati ndipo amatha kusokoneza kagundidwe ka mtima. Moto wa magetsi musauthire madzi magetsiwo asadazimitsidwe.

Makutu a mwana alibe sipeya

M'kati mwa khutu muli timaselo tokhala ngati tiubweya, timene timamva mawu. Phokoso lalikulu limatiwononga, ndipo tikafa sitimeranso. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti achinyamata oposa 1 biliyoni ali pachiopsezo chogontha chifukwa cha kamvedwe kosasamala. Muyezo umene lidatulutsa mu 2019 ndi wakuti wamkulu asapitirire madesibelo 80 kwa maola 40 pasabata, ndipo mwana madesibelo 75. Phokoso likakwera ndi madesibelo atatu okha, nthawi yololedwa imatsika ndi theka. Likafika pa 90, ndi maola 4 okha sabata yonse.

Mulibe makina oyezera, ndikudziwa. Yesani chonchi: ngati mukuchita kukuwa kuti amene mwakhala naye pampando umodzi akumveni, mawuwo akwera kwambiri. Ngati mukazimitsa makutu akulira okha, mwapyola kale malire. Khanda musaligoneke pafupi ndi sipika. Mwana akamakonda kunena kuti "mwati chiyani?", akamakweza voliyumu kuposa anzake, kapena akachedwa kulankhula, mupite naye kuchipatala akamuyeze makutu. Musathamangire kumutcha wamwano kapena wogona m'kalasi.

Kumbukaninso aneba. Chogunda chija chimadutsa khoma, ndipo m'nyumba za mdadada kuseri kwa khomalo kungakhale wodwala, khanda, kapena mwana amene akukonzekera mayeso a Fomu 4. Ma ampulifaya ambiri ali ndi night mode, imene imachepetsa kuphulika koma mawu a olankhula n'kumamvekabe. Itsegulani usiku.

Pa nthawi yoonera, WHO yomweyo mu 2019 idalangiza kuti mwana wosakwana zaka 2 asamaikidwe pa kanema, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku. Mwana amaphunzira kulankhula polankhula ndi inu.

Kanema wopyapyala amagwa msanga. Mwana akakoka nthambo yolendewera, kapena akakwera pa kabati, chonsecho chimamugwera pamutu. Mukhomereni kukhoma ndi chitsulo chake cholingana ndi kulemera kwake, kapena mum'mange kumbuyo ndi malamba. Nthambo zimangidwe pamodzi, zibisike kumene kadzanja sikafika. Masipika aatali aja akhale pamene sangagwedezeke.

Chomaliza ndi timabatire tobulungira ngati ndalama yachitsulo, timene timapezeka m'marimoti ang'onoang'ono a soundbar. Mwana akameza n'kukakamira kummero, kangathe kupsereza njira ya chakudya m'maola awiri okha. Poyamba mwana angaoneke bwinobwino, kapena angokhala akutuluka dovu, kutsokomola ndi kukana kudya. Mukangokayikira, musadikire kuti kuche, musamusanzitse, thamangani naye kuchipatala ndipo mukanene kuti mukuganiza kuti wameza batire. Chitseko cha batire pa rimoti chimatidwe ndi tepi, ndipo mabatire akutha atayidwe kutali ndi ana, chifukwa ngakhale akuthawo amapserezabe.

Ana anga, kanema wabwino ndi mawu omveka bwino ndi zinthu zosangalatsa, ndipo banja likakhala pamodzi madzulo kuonera mpira wa Flames kapena kwaya palibe cholakwika. Langa ndi pempho lakuti sabata ino, musadagule china chilichonse, sunthani kabati muone zimene zili kumbuyo kwa kanema wanu. Gwirani pulagi mumve ngati ikutentha. Kokani pang'ono kanemayo muone ngati mwana angamugwetse. Tembenuzani marimoti onse. Zimene mupeze zikuuzani poyambira.

Mukhale ndi Lamulungu labwino. Tikumane sabata ya mawa.